Khitchini Yatsopano, Mavuto Atsopano: Zimalakwikira Pati?

Patchuthi chapitachi ndinakakhala kwa azakhali anga ku Blantyre. Iwo atapuma pa ntchito yauphunzitsi anatapa ndalama zawo zapenshoni n'kukonzetsa khitchini imene akhala akuphikiramo kwa zaka zambiri. Tsiku limene amisiri anamaliza, zithunzi zinazungulira pa WhatsApp ya banja lonse: makabati oyera mbee, kauntala yonyezimira, kuka yatsopano ya mapuleti anayi. Ine pofika, patatha miyezi isanu ndi itatu, ndinapeza zina. Chitseko cha kabati ya pansi pa sinki chinali chitafufuma ngati buledi woviika mu tiyi. Filiji inali pabalaza chifukwa malo amene anaisiyira anachepa. Akayatsa uvuni pamodzi ndi ketulo, magetsi ankathima. Nanga nsima? Ankaphikabe pambaula kuseri kwa nyumba.

"Mwana wanga," anatero azakhali akundionetsa zonsezi, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Zimene zinawachitikirazi si zachilendo. Ambiri a ife posachedwapa tiyamba ntchito, tichita lendi kapena kumanga, ndipo ena makolo amatifunsa kale nzeru poti ndife ophunzira. Enanso amakhala m'makomiti oyang'anira khitchini ya sukulu kapena nyumba ya ogwira ntchito. Choncho ndi bwino kudziwa pamene mavuto otere amayambira, chifukwa ambiri sabwera mwangozi ayi. Amabadwa tsiku loyamba, msomali usanakhomedwe n'komwe.

Khitchini imeneyi anaipangira ndani?

Khitchini ya makabati olumikizana, yokhala ndi kauntala yoyenda m'mbali mwa khoma, ili ndi kwawo. Mu 1926 mayi wina wojambula mapulani a nyumba wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonza khitchini yaing'ono ya nyumba za anthu ogwira ntchito mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Inali ya mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, ndipo chilichonse chinali ndi malo ake poyerekeza ndi mmene mayi wa kumeneko ankaphikira. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri a pa University of Illinois ku America anawonjezera lamulo lodziwika loti sinki, kuka ndi filiji zikhale ngati mafuwa atatu, ndipo ulendo wozungulira zitatuzi ukhale pakati pa mamita 4 ndi 8. Nzeru zonsezi n'zabwino, koma eni ake sankaphika nsima.

Kauntala ya masiku ano imakhala yotalika masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo kuka nayo imalingana nayo. Ikanipo poto wamkulu, ndiye kuti pakamwa pa potoyo pali pachifuwa pa mayi wamfupi. Kuvundula nsima ya anthu asanu ndi atatu kumafuna kuti thupi lonse litsamire pa mthiko, osati mapewa okha. N'chifukwa chake amayi ambiri amabwerera kumbaula ngakhale kuka ili pomwepo. Komanso m'makabati a pazithunzi za pa intaneti mulibe malo a thumba la ufa la makilogalamu 50, mulibe poika zidebe zosungira madzi mpopi ukauma, mulibenso poimika poto wakuda ndi mwaye.

Motero funso loyamba si lakuti, "Mukufuna mtundu wanji?" koma lakuti, "Muno mumaphika chiyani, amaphika ndani, nanga magetsi kapena madzi akasowa mumatani?" Amene amaphika tsiku ndi tsiku, kaya ndi mayi, mwana kapena wantchito, ndiye ayenera kufunsidwa poyamba. Kumanga kachiunda kotsika ka masentimita 50 kapena 60 koikapo gasi wophikira nsima n'kotsika mtengo kusiyana ndi kugula kuka yokongola yongoyang'ana.

Kuyeza ndi ndondomeko ya ntchito

Filiji ya azakhali inathera pabalaza chifukwa kalipentala anapanga makabati asanaione. Iye anangoyerekeza m'mutu. Lamulo lake n'lapafupi: sankhani zipangizo poyamba, makabati pambuyo. Ngati simunagule, pitani kusitolo ndi tepi mukalembe m'lifupi, kutalika ndi kuya kwa chipangizo chenichenicho chimene mudzagule. Ma kuka ambiri amakhala a masentimita 50, 60 kapena 90 m'lifupi, ndipo kusiyana kwa masentimita awiri okha n'kokwanira kuti chinthu chikane kulowa.

Chachiwiri, makoma a nyumba zathu zambiri sakhala owongoka bwinobwino, ndipo ngodya zake sizikhala zolungama. Pali njira yakale yoyesera ngodya. Kuchokera pakona, yezani masentimita 60 pakhoma limodzi ndi 80 pa linalo, kenako yezani mtunda wa pakati pa madontho awiriwo. Ukakwana masentimita 100, ngodyayo ili bwino. Ukapitirira kapena kuperewera, kabati yopangidwa kushopu idzasiya mpata kumbuyo, ndipo mpata umenewo ndiwo mudzi wa mphemvu ndi makoswe. Yezaninso m'lifupi mwa chipinda pansi, pakati ndi m'mwamba, n'kutsatira muyezo wochepawo.

Chachitatu ndi ndondomeko. Pulambala ndi wamagetsi ayambe, chifukwa iwowa amagumula makoma. Kenako pulasitala ndi matailosi a pansi, makabati, kauntala, sinki, ndipo pomaliza matailosi a pakhoma ndi penti. Mukasokoneza ndondomekoyi mudzaona wamagetsi akuboola kabati yatsopano kuti waya adutse, kapena pulambala akuphwanya matailosi amene mwalipira dzulo.

Makabati: mdani wamkulu ndi madzi

Makabati ambiri oyera amene timawasirira amapangidwa ndi chipboard kapena MDF. Zimenezi si matabwa ocheka kumtengo. Chipboard ndi tizidutswa ta mitengo tosakaniza ndi guluu n'kutipanikiza, pamene MDF ndi ulusi wosalala kwambiri wa mitengo wopanikizidwa chimodzimodzi. Kunja amamatako chikopa cholimba chimene madzi salowa. Vuto lili m'mphepete, pamene macheka adutsa. Mphepete ikasiyidwa yosamata, imamwa madzi ngati siponji, thabwa limafufuma, ndipo likafufuma silibwereranso ngakhale mutaliyanika padzuwa la mu Okutobala. Sikuluwu za mahinjesi zimayamba kugwedera, chitseko n'kulendewera.

Madzi amenewa amachokera m'malo atatu. Oyamba ndi a paipi yodontha pansi pa sinki, imene imatha kudontha miyezi popanda woona. Achiwiri ndi olowa pampata wa pakati pa sinki ndi kauntala ngati sanamate bwino ndi silikoni. Achitatu ndi a chikolopa. Ife timakolopa ndi madzi ambiri m'mawa uliwonse, ndiye kabati yokhala pansi penipeni imanyowa tsiku ndi tsiku. Ikhale pamiyendo yapulasitiki kapena yachitsulo, kapena pachiunda cha njerwa chotalika masentimita 10 mpaka 15.

Pansi pa sinki pokha, musanyengerere. Mangani ndi njerwa ndi konkire n'kungoikapo zitseko, kapena gwiritsani ntchito plywood, imene ili ndi timapepala ta thabwa tosanjikizana mopingasa ndipo imapirira chinyezi kuposa chipboard. Blockboard, yomwe m'kati mwake muli timizere ta thabwa lenileni, imagwira sikuluwu bwino, choncho ndi yabwino pa zitseko ndi mashelefu aatali.

Ena amati ndiye bola matabwa enieni. N'zoona, koma akhale ouma. Mtengo ukangochekedwa umakhala ndi madzi ambiri, ndipo pouma thabwa limachepa m'lifupi, osati m'litali. Kalipentala akapanga chitseko ndi paini wauwisi wongofika kumene kuchokera ku Chikangawa, pakatha miyezi iwiri chitsekocho chimapindika ndipo polumikizira pamayasama. Thabwa lauwisi limalemera, limazizira mukaligwira, ndipo limamata utuchi pamacheka. Lofunika pa mipando ya m'nyumba ndi limene chinyezi chake chatsika kufika cha m'ma 12 peresenti. Ngakhale louma limapumabe ndi nyengo: dilowa yotseguka bwino m'chilimwe imatha kuuma khosi mu Januwale. Mmisiri wodziwa amasiyiratu kampata, ndipo amapaka vanishi mbali zonse, ndi kumbuyo komwe.

Mdani wachiwiri ndi chiswe. Chimalowera m'ming'alu ya pakati pa khoma ndi pansi, n'kumadya kumbuyo kwa kabati kumene diso silifika. Paini wosathira mankhwala ndi ndiwo yake. Mlombwa umapirira chiswe, koma ndi wokwera mtengo ndipo ukusowa. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, mukaneni. Mtengo umenewu, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo wogula amalimbikitsa wodula. Chofunika n'kutseka ming'alu yonse ndi kuthira mankhwala a chiswe makabati asanalowe.

Makabati a m'mwamba nawo ali ndi nkhani yawo. Akadzaza mbale ndi makapu amalemera kwambiri, ndipo misomali wamba siingawagwire, makamaka pakhoma la njerwa zomangira dothi kapena la mabuloko obowoka m'kati. Pamafunika mabawuti oyenera khomalo. Asiye mpata wa masentimita 45 mpaka 60 pamwamba pa kauntala, ndipo pamwamba pa moto pasakhale kabati yoyandikira kuposa masentimita 75.

Kauntala: iliyonse ili ndi chofooka chake

Fomika ndiyo yotsika mtengo ndipo siivuta kupukuta, koma pansi pake pamakhala chipboard yomweyo yoopa madzi. Poto wochoka pamoto amaiwotcha n'kusiya chizindikiro chosafufutika, ndipo mpeni umaicheka.

Matailosi amapirira moto, koma mizere ya pakati pake imamwa mafuta ndi msuzi, imada, ndipo imasunga tizilombo toyambitsa matenda ngati siitsukidwa bwino. Matailosi aakulu amachepetsa mizereyo. Komanso thailo limene pansi pake pali mphako limasweka msanga. Gogodani ndi ndalama yachitsulo: lomveka ngati ng'oma silinamatidwe mokwanira.

Kauntala ya konkire, imene ili m'nyumba zambiri za m'matauni mwathu, ndi yolimba ndipo chiswe chilibe nayo ntchito. Imang'aluka ngati sanaikemo zitsulo, ngati anachulutsa madzi posakaniza, kapena ngati anaisiya kuti iume msanga. Konkire salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi. N'chifukwa chake amafunika kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo amafika pa mphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28. Kuthamanga sikufika.

Mwala wa granite ndiwo ambiri amaulakalaka. Ndi wolimba ndithu, koma ndi wolemera: sikweya mita imodzi yochindikala masentimita 3 imalemera pafupifupi makilogalamu 80. Kauntala ya mamita 3 m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi imapitirira makilogalamu 140, pafupifupi matumba atatu a chimanga. Makabati ofooka amabwama ndi katundu wotere. Komanso mwala supindika. Makabati akakhala osalingana, mwalawo umatsamira malo ochepa, ndipo umang'aluka pamene pali popyapyala, kutsogolo kapena kumbuyo kwa bowo la sinki. Munthu akakwerapo kuti atenge chinthu m'mwamba, basi kwatha. Choncho mwala uyezedwe makabati atakhazikika kale ndiponso atayesedwa ndi levulo, chifukwa ukadulidwa molakwika sungawonjezeredwe. Marble ndi wofewa kuposa granite ndipo amadyeka ndi zowawasa monga mandimu, viniga ndi tomato, choncho sayenera khitchini yophikiramo kwambiri.

Pali chinthu china chimene sitichiganizira: mapapo a mmisiri. Kudula mwala, konkire kapena matailosi ndi galayinda popanda madzi kumatulutsa fumbi losalala la silika. Fumbili likalowa m'mapapo limasiya zipsera zosachira, matenda otchedwa silicosis, omwe anavutitsa abambo ambiri amene ankagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, ndipo amachititsa kuti munthu agwidwe mosavuta ndi chifuwa chachikulu. Miyala yochita kupanga kufakitale ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa silika amachuluka, moti dziko la Australia linaletsa miyala yotereyi kuyambira pa 1 Julayi 2024. Ngati ntchito ikuchitikira pakhomo panu, onetsetsani kuti akudulira panja, akuthira madzi podula, avala zotchinga mphuno zoyenera, ndipo ana ali kutali.

Zipangizo zamagetsi ndi gasi

Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira maampu 13. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza kuti pulagi imodzi imanyamula mawati pafupifupi 3,000 basi. Ketulo yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposerapo, ndipo hotipuleti ya mapuleti awiri imadya chimodzimodzi. Mukalumikiza zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi mwapitirira kale malire. Waya amatentha, pulasitiki imasungunuka, ndipo moto wa m'nyumba zambiri, ngakhale m'mahositelo, umayamba motere.

Kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni imadya kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo, motero imafuna waya wakewake wonenepa, kawirikawiri wa 6 mm², wochokera kubokosi la magetsi, wokhala ndi buleka yakeyake ndi swichi yake pambali, osati pamwamba pa moto. Kwa azakhali, wamagetsi anangolumikiza kuka ku waya wa masoketi. Buleka imene inkagwa ija sinali yowonongeka, inkagwira ntchito yake yoteteza nyumba. Choopsa n'chimene ena amachita, kuikapo buleka yaikulu kuti isamagwe. Pamenepo chimene chimatentha ndi waya wa m'khoma. Itanani wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo muonetsetse kuti waya wa efi walumikizidwa. Filiji kapena sinki ikamakugwirani pang'ono mukaikhudza, chimenecho ndi chizindikiro choti pali vuto lofunika kukonza tsiku lomwelo. Soketi italikirane ndi sinki masentimita osachepera 30.

Samalaninso ndi katundu wotumizidwa ndi abale akunja. Wochokera ku Britain amagwirizana ndi magetsi athu ndi masoketi omwe. Wa ku South Africa mphamvu yake ndi yofanana, koma pulagi yake ndi ya mano obulungira, ndipo ndi bwino kuisinthiratu m'malo moikankhira pasoketi mokakamiza. Wa ku America anapangidwira mavoti 120, ndipo mukangoulumikiza popanda chotsitsira mphamvu umapsa nthawi yomweyo.

Filiji imaziziritsa m'kati potulutsa kutentha kumbuyo kapena m'mbali. Mukaitsekera m'kabati yothina, injini yake imangolira osapuma, mayunitsi amatha msanga, ndipo imafa isanakalambe. Isiyireni mpata wa masentimita 5 kapena kuposerapo kumbuyo ndi m'mbali, ndi wokulirapo pamwamba. Isagundane ndi kuka kapena kukhala podutsa dzuwa, ndipo chitseko chake chizitha kutseguka chonse kuti madilowa a m'kati azituluka. Ikangofika pagalimoto, iime maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a mu injini abwerere m'malo mwake. Poti magetsi amathimathima, gulani kachipangizo koteteza filiji kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanaiyatse.

Kuka ya galasi pamwamba imakandika ndi mapoto okwecha ndi mchenga, ndipo siyenera kusunthirapo poto wolemera uku mukuvundula. Ya induction imagwira ntchito ndi mapoto okhawo amene maginito amamatirira pansi pake. Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo satentha n'komwe.

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamatuluka sakwera m'mwamba koma amadikha pansi. Silinda yotsekeredwa m'kabati yopanda mabowo m'munsi ndi msampha. Iziima chilili, pamalo opita mphepo, makamaka m'kanyumba kake kunja kwa khoma. Poyesa ngati ikutuluka, pakani madzi a sopo polumikizira muone ngati pakuchita thovu. Machesi ayi. Mukamva fungo, tsekani silinda, tsegulani mawindo ndi zitseko, ndipo musakhudze swichi iliyonse. Moto wabwino wa gasi ndi wobiriwira ngati thambo, wachikasu ukusonyeza kuti gasi sakupsa bwino.

Pomaliza, pokonzanso khitchini anthu amakonda kumata timabowo ta mpweya ta m'mwamba mwa khoma n'kuika mawindo otseka ndithu. Tsiku lina mu Juni magetsi athima, kunja kukuzizira, munthu n'kulowetsa mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha. Timabowo timeneto tisiyeni.

Pangano ndi mmisiri

Si bwino kuloza chala amisiri okha. Nthawi zambiri mwini nyumba amanenerera mtengo mpaka pansi, ndipo mmisiri, posafuna kutaya ntchito, amavomera n'kukabwezera pogula mahinjesi opepuka ndi waya wowonda. Ena amasintha maganizo thabwa litadulidwa kale. Ena amachedwetsa malipiro, mmisiri n'kuthawira ku ntchito ina.

Lembani pangano, ngakhale papepala la m'kope, nonse musainire. Pakhale chojambula chokhala ndi miyezo, mtundu ndi kuchindikala kwa matabwa, tsiku lomaliza, ndi amene adzalipire zikalakwika. Sungani kachidutswa ka thabwa limene mwagwirizana kuti mudzayerekeze ndi limene labwera. Musanam'patse ntchito, kaoneni khitchini imene anapanga zaka ziwiri zapitazo, osati ya sabata yatha, pakuti safunsa anadya phula. Lipirani m'magawo, ndipo gawo lomaliza lidikire mpaka mutaphikiramo milungu iwiri. Mukakhutira, m'patseni zake mosazengereza. Patulaninso gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zanu, chifukwa pochotsa makabati akale mumapeza paipi yowola kapena chisa cha chiswe. Ngati nyumba ndi yalendi, gwirizanani ndi eni ake polemba musanakhudze khoma.

Tchuthi chisanathe, ine ndi azakhali tinatenga tepi ndi kope n'kuyamba kuyeza zimene zinayenera kuyezedwa poyamba paja. Kabati ya pansi pa sinki anaigumula n'kumanga ya njerwa. Kuka anaikokera waya wakewake. Kabati imodzi inachotsedwa kuti filiji ilowe, ndipo pakona anamangapo kachiunda kotsika koikapo gasi. Zonsezi zinadya ndalama zimene akanalipirira mdzukulu wawo fizi ya teremu yonse. Tsiku lotsazikana anandiphikira nsima m'khitchini momwemo, ataima mowongoka, ndipo pondiperekeza anati, "Ukadzamanga yako, udzayambe wafunsa wophika."